Chipinda cha uphungu pachipatala cha boma: ndapitako maulendo 6

Chilala cha 2024 chinandisiya ndi nkhongole ya feteleza, chimanga chitafota chisanamasule n'komwe. Pamene a Pulezidenti Hichilema ankalengeza kumapeto kwa February kuti dziko lagwa m'tsoka, ine n'kuti tulo titandithawa kale. Ndinkadzuka usiku pakati, n'kukhala pakhonde mpaka tambala kulira. Nsima inkandikanika. Ana akangoseka pang'ono, ndinkawakalipira ngati aba.

Amene anandikokera kuchipatala ndi mkazi wanga, ndipo ndinavomera chifukwa mutu unkandiwawa tsiku ndi tsiku. Ndinkafuna Panadol basi. Adokotala atandiyeza malungo ndi BP n'kupeza kuti zonse zili bwino, anati, "Atate, thupi lilibe vuto, koma kaonaneni ndi aphungu kuseri uko." Mtima unagunda. Kuno ku Chipata munthu akangomva za matenda a maganizo amaganiza za Chainama, chipatala cha ku Lusaka chija, ndipo dzinalo timalitchula potukwanana. Ndinatsala pang'ono kukwera njinga yanga n'kubwerera.

Aphunguwo ndi mayi wachikulire ndithu, wolankhula mosathamanga. Sanayambe ndi kulemba. Anandifunsa kuti ndinalima maekala angati, mbewu yanji, nkhongole ndi ya ndani. Kenako anatulutsa pepala la mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawo: kagonedwe, kadyedwe, kutopa, kudziona ngati wolephera. Funso lomaliza analifunsa akundiyang'ana m'maso: "Atate, kodi munaganizapo zodzipha?" Chibadwire palibe anandifunsapo zimenezo. Ndinakhala chete nthawi yaitali, iwo osandifulumiza, osayang'ana pa foni. Ndinayankha zoona.

Zimene anachita pambuyo pake ndi zimene zandichititsa kulemba. Sanadzidzimuke, sanandilalikire. Anafunsa ngati m'nyumba muli mankhwala opopera mbewu. Analimo, botolo la mankhwala a ntchemberezandonda, kuseri kwa chitseko. Tinagwirizana kuti tsiku lomwelo mkazi wanga akalisiye kwa achimwene anga. Anandilembetsa mayina a anthu atatu oti ndiziwaitana usiku ukandikulira, ndiponso nambala yaulere ya 933 ya Lifeline Childline Zambia. Anandiuza mosabisa kuti zimene ndanena zikhala m'chipindamo, pokhapokha ngati moyo wanga uli pangozi. Mankhwala iwo salemba. Pa zimenezo anandibwezera kwa adokotala oona za matenda a maganizo, amene anandichenjeza kuti mapiritsi sagwira msanga, pamapita masabata angapo, choncho ndisawasiye poona ngati sakuthandiza.

Maulendo enawo tinkaphwanya nkhongole ija m'zigawo, ngati mmene timagawira munda m'ndime. Sabata ino kalankhuleni ndi mwini ndalama. Sabata yamawa yambani dimba, ngakhale mabedi awiri a repu. Zooneka zazing'ono, koma ndi zimene zinandichotsa pakhonde paja. Sindinalipirepo ngakhale ngwee imodzi.

Zodandaula zilipo, ndipo sindizibisa. Kachipindako n'kakang'ono, kodzaza makatoni a mafayilo, ndipo zenera lake layang'ana pabenchi pamene anthu amadikirira. Ulendo wachiwiri ndikulira, chitseko chinatsegulidwa kawiri ndi anthu ofuna chidindo. Mwamuna wa kwathu kuno zikamuchitikira zimenezo sabweranso. Komanso mayiyo ali yekha. Yemweyo ndiye amalangiza oyezetsa HIV, yemweyo alandire atsikana ochitidwa nkhanza, ndipo tsiku lina ndinapalasa njinga mtunda wonse uja n'kupeza wapita kumsonkhano, popanda wotsalira. Ulendo wachinayi ndinafika 8 koloko, ndinalowa itadutsa 12, iye asanamwe ndi tiyi yemwe. Ndinamufunsa kuti, "Amayi, nanga inu mumatulira ndani zonsezi?" Anangomwetulira n'kusuntha mpando kuti ndikhale. Funso limenelo likundivutabe. Munthu womva misozi ya anthu tsiku lonse ayenera kukhala ndi mnzake pantchito, ndiponso chitseko chokhala ndi loko.

Mu 2019 dziko lathu linakhazikitsa lamulo latsopano la zaumoyo wa maganizo, m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda lomwe linkatchula odwala ndi mawu onyoza. Zimenezo n'zabwino. Koma kwa mlimi wa ku Chipangali kapena Vubwi, lamulo limaoneka pokhapokha atapeza munthu wokhala naye pansi pachipatala chapafupi.

Mukafuna kupitako, lawirirani m'mawa, tengani khadi lanu lakuchipatala, ndipo musazungulire ndi nkhani ya mutu ngati ine. Nenani kuti mukufuna kuonana ndi aphungu. Funsaniponso masiku amene amapezeka. Ulendo wanga wachisanu ndi chiwiri ndi Lachinayi likudzali, ndipo mlamu wanga, amene mowa wamugwira chimwalirire mkazi wake, wavomera kuti tipitire limodzi.