Miyezi 11 tikulipira loya wa kampani: mmene zayendera

Pamene tinkagwirizana ndi loya kuti tiziwalipira mwezi ndi mwezi, ine ndinkangofuna kuti atitolerere ngongole basi. Kampani yathu ndi ya anthu awiri, timaitanitsa zipangizo za makina kunja n'kumagulitsa kwa makampani ena, ndipo panali kasitomala wina amene nyimbo yake inali ya mawamawa. Tsopano patha miyezi 11.

Za ngongoleyo sindichulutsa gaga m'diwa. Aloyawo analembera kasitomalayo kalata imodzi yomupatsa masiku 14, iye analipira theka, ndipo zotsalazo tinapangana kuti azipereka pang'onopang'ono. Ine ndinkafuna kukhoti. Aloyawo anandiwerengera ndalama ndi miyezi yomwe mlandu ukanadya, mtima unatsika, ngakhale tsikulo ndinatuluka mu ofesi mwawo nditakwiya.

Pomwe ndaona kuti ndalama yathu ikugwiradi ntchito ndi pa mapepala amene kale ndinkangosaina. Titapempha ngongole kubanki, ndinatumizira aloyawo fomuyo mongokwaniritsa mwambo. Ndinkadziwa kuti kampani yokhala ndi mawu akuti Limited imaima payokha pamaso pa malamulo, ngongole zake si zanga. Mfundoyi ndi yoona, ndipo ndi yakale, inakhazikika pa mlandu wa Salomon ku Britain mu 1897. Koma chakumapeto kwa fomuyo kunali tsamba loti ine mwini ndikulonjeza kubweza kampani ikalephera. Ndikanasaina, banki ikanatha kulondola katundu wanga, Limited ali pomwepo. Tsambalo banki inakana kulichotsa, koma aloya anakambirana nawo mpaka anaika malire a ndalama zomwe angandifunse.

China chinandichititsa manyazi. Kwa zaka ndakhala ndikugula katundu pa CIF (mtengo wophatikiza katundu, inshulansi ndi mayendedwe), ndikuganiza kuti popeza wogulitsa ndiye walipira sitima ndi inshulansi, katundu akawonongeka panyanja mutu ndi wake. Ayi ndithu. Pa malamulo a malonda a pakati pa mayiko otchedwa Incoterms 2020, omwe alipo 11 ndipo amalembedwa ndi bungwe la zamalonda la padziko lonse la International Chamber of Commerce, katundu wa CIF akangokwezedwa m'sitima padoko lochokera, chilichonse chomuchitikira chagwera wogula. Wothamangitsana ndi a inshulansi ndi ineyo. Pa mgwirizano wathu ndi wogulitsa, aloya anawonjezera ndime yoti tikasemphana ndi wogulitsa, nkhani ipite kwa woweruza wapadera osati kukhoti la kwawo, chifukwa chigamulo chotere mayiko oposa 170 amachilemekeza potsatira pangano la New York la 1958. Ndimeyi sitinaigwiritsepo ntchito, ndipo sindikuilakalaka.

Zodandaula zilipo. Choyamba ndi bilu. Ndinkayesa kuti ndalama ya pamwezi ikukwanira zonse, koma mwezi wachitatu panabwera bilu ina yowerengera maola a zokambirana ndi banki zija. Zinalembedwa mumgwirizano wathu ndi aloyawo, ineyo ndi amene sindinawerenge. Muziseka, inde: pepala lokhalo lomwe panalibe wondiwerengera ndi limene linandiluma. Chachiwiri, akakhala ndi milandu kukhoti, imelo imatha masiku atatu osayankhidwa, pomwe wogulitsa akufuna yankho lero. Amachenjeranso mopitirira. Mgwirizano wa lendi ya nyumba yosungiramo katundu anaubweza utadzaza ndi zolemba zofiira moti mwini nyumba anatsala pang'ono kupatsa wina. Ndaphunzira kuwafunsa kuti, "Pa zonsezi, n'ziti zitatu zomwe zingatiphe?" Akazitchula, zinazo ndimasankha ndekha.

Ntchito yomwe yativuta kwambiri ndi mgwirizano wa pakati pa ine ndi mnzanga. Masheya tinagawana pakati ndi pakati, ndipo aloya anafunsa mafunso omwe ife tinkawazemba: mukasiyana maganizo adzagamule ndani? Wina akamwalira, masheya ake apite kwa banja lake kapena wotsalayo awagule? Pa mtengo wanji? Mnzanga anaona ngati ndayamba kumukayikira, ndipo tinatha sabata tikungolankhulana za ntchito zokha.

Mwezi wamawa tisaina chaka china ndi aloyawa, koma ndapempha zinthu ziwiri zilembedwe: azitiuza kaye asanayambe ntchito ya bilu yapadera, ndipo nkhani yachangu aziyankha pasanathe maola 24. Mgwirizano wa masheya uja tamvana ndime zonse kupatula ya mtengo. Pepalalo likadali m'dirowa ya mnzanga.