Jumbo, mafuta kapena magolovesi: chothandiza n'chiti povala wetsuit ya triathlon koyamba?

Munthu amene anaphunzira kusambira ku Senga Bay, ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay alibe chifukwa chodziwira wetsuit, suti yothina yosambirira imene imateteza thupi ku madzi ozizira, pakuti madzi a pamwamba pa nyanja ya Malawi amakhala ofunda chaka chonse, ngakhale m'miyezi ya mwera. Zinthu zimasintha munthu yemweyo akakakhala ku Cape Town, kumene madzi a Atlantic amazizira mpaka kuwawitsa mafupa, kapena ku Britain, n'kuyamba kuchita nawo triathlon, mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga motsatizana. Malamulo a Ironman, mipikisano ya triathlon ya mtunda wautali, amalola anthu wamba opikisana kuvala wetsuit madzi akakhala madigiri 24.5 kapena kucheperapo, ndipo akatsika pansi pa madigiri 16 aliyense amakakamizidwa kuivala. Choncho amene akukonzekera Ironman ya ku Gqeberha, ku South Africa, kumene amasambira makilomita 3.8 m'nyanja ya mchere asanakwere njinga, ayenera kuizolowera kusanache.

Vuto loyamba silikhala kusambira nayo ayi, koma kuilowa. Ambiri akaiyesa koyamba amaima m'chipinda thukuta lili kamukamu, suti itakanirira m'mawondo, n'kugamula kuti awagulitsa yaing'ono. Kawirikawiri saizi imakhala yolondola, ndipo kuthinako n'kochita kufuna. Wetsuit imasunga timadzi tochepa pakati pa khungu ndi neoprene (mphira wofewa wopangira sutiyo), timene thupi limatenthetsa. Ikakhala yokhwepa, madzi ozizira amangolowa pakhosi n'kutulukira kumiyendo, munthu n'kumazizidwa kwinaku akukoka thumba la madzi. Ya triathlon imasiyananso ndi ya anthu oseweretsa mabolodi pa mafunde. Kuyambira 1987, pamene Dan Empfield anapanga yoyamba ya masewerowa pansi pa dzina la Quintana Roo, opanga amaika neoprene wochindikala pachifuwa ndi m'ntchafu kuti thupi liziyandama, kufika mamilimita 5 amene malamulo amalola, pomwe m'mapewa amaika wopyapyala, mwina mamilimita 1.5 kapena 2, kuti mikono izizungulira momasuka. Kunja kwake kumakhala kosalala kuti izitsetsereka m'madzi, ndipo kusalala kumeneko ndi kumene kumaichititsa kukhala yosachedwa kuwonongeka: chikhadabo chikangolowa, imachekeka ngati khungu la papaya wakupsa, n'kusiya kabala kooneka ngati mwezi watsopano.

Pali njira zitatu zimene anthu amalimbikitsana, ndipo aliyense amaikira kumbuyo yake ngati kuti zinazo n'zopanda pake. Ine ndimaona kuti sizigwira ntchito imodzi, ndipo kuziyerekeza bwino n'kufunsa kuti iliyonse ikuthetsa vuto liti.

Ndiyambe ndi jumbo, chifukwa ndi imene ndimaiika patsogolo kwa munthu wovala koyamba. Mumaveka phazi jumbo wamba ya kugolosale, n'kulowetsa phazilo m'mwendo wa suti. Pulasitikiyo imaterera pansalu ya m'kati, ndipo chidendene, chimene ndicho chimakodwa pakamwa pa mwendo, chimatulukira kunja popanda kulimbana nacho. Mukatero mumasolola jumboyo, kuveka phazi linalo, kenako dzanja lililonse ikafika nthawi ya mikono. Ubwino wake ndi woonekeratu. Silira ndalama, siisiya chilichonse pa neoprene, ndipo imaphimba zikhadabo za kumapazi ndi za kumanja pa nthawi imene zikudutsa m'malo othina kwambiri. Manja anu amatsala ouma, zimene zili zofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa ntchito yaikulu yokoka suti imabwera phazi litatuluka kale. Kufooka kwake n'kwakuti thandizo lake limathera pomwepo. Jumbo siiteteza khosi kuti lisasupuke, ndipo pa nthawi yovula, mukuthamangira njinga, imakhala ili m'chikwama. Ena amagwiritsa ntchito masokosi opyapyala m'malo mwake, ndipo amathandiza ndithu, koma saterera ngati pulasitiki, makamaka mapazi akachita thukuta.

Mafuta odzola ali ndi otsatira ambiri, ndipo m'pamene pali mikangano yambiri. Odziwika kwambiri ndi Body Glide, amene amabwera ngati kandodo kopaka m'khwapa, ndi TriSlide, amene amapoperedwa. Pa nkhani yolowetsa phazi lokha, mafuta amagonja kwa jumbo, chifukwa ena amamwerera m'nsalu ya m'kati phazi lisanafike potulukira. Koma pali ntchito ziwiri zimene mafuta okha ndi amene angathe. Yoyamba ndi ya khosi. Wosambira amatembenuza mutu kuti apume pakatha mikoko (kukoka madzi ndi mkono) iwiri kapena itatu, ndipo pa mtunda wa makilomita 1.5 kapena 1.9 kutembenuka kumeneku kumachitika kambirimbiri, kolala ya suti ikukhula malo amodzimodzi kumbuyo kwa khosi. M'madzi a mchere balalo limabwera msanga ndipo limanyerenyetsa tsiku lonse, thukuta la panjinga likamatsikirapo. Yachiwiri ndi ya kuvula. Mukapaka mafuta pa akakolo, pa akatumba ndi pamfundo za manja, ndiponso pang'ono kunja kwa suti m'malo omwewo, sutiyo imavuka yokha ikamapindikira kunja, mmalo mokanirira pachidendene inu mukudumpha ndi mwendo umodzi anzanu akutuluka ndi njinga.

Chenjezo pa mafuta ndi lakuti si onse amene amagwirizana ndi neoprene. Vaseline, amene amapezeka pafupifupi m'nyumba iliyonse, amapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo opanga wetsuit ambiri amalangiza kuti asamagwiritsidwe ntchito chifukwa pakapita nthawi angathe kufooketsa neoprene ndi guluu wa m'misoko. Chimodzimodzi mafuta odzoza makanda ogula m'botolo. Mudzapeza anthu amene anganene kuti akhala akudzola Vaseline kwa zaka popanda vuto, ndipo sindikuwatsutsa, koma suti ya triathlon ndi katundu wodula, ndipo sindiona nzeru yoiika pachiswe pofuna kupulumutsa mtengo wa kandodo kamodzi kamene kamatha miyezi. Vuto lina la mafuta ndi la manja. Mukapaka musanavale, zala zimaterera, simungathe kugwira suti, ndipo m'pamene munthu amayamba kutsina ndi zikhadabo kuti aigwire. Komanso mukangokhudza magalasi osambirira ndi zala zamafuta, mudzasambira mtunda wonse mukuona chimbuuzi. N'chifukwa chake kandodo kamaposa mafuta odzola ndi manja kwa woyamba kumene, pakuti kamafika pakhungu popanda kudutsa m'manja.

Magolovesi a thonje, amene makampani ena amaika m'bokosi limodzi ndi suti yatsopano, sathandiza kulowetsa phazi kapena kuteteza khosi. Ntchito yawo ndi kuteteza suti kwa mwini wake. Amene ali ndi zikhadabo zazitali, kapena amene amadziwa kuti akakwiya amakoka mwamphamvu, awagwiritse ntchito masiku oyamba. Kuipa kwake n'kwakuti nsalu ya thonje imaterera pa neoprene wosalala, motero kugwira kumavuta, ndipo ambiri amawasiya akazolowera. Kuwenga zikhadabo usiku woti mawa muvala kumachita gawo lalikulu la ntchito yomweyo. Kabala kakang'ono kakachitika, sikuti suti yatha. Guluu wa neoprene, monga Black Witch, amamata bwino mukapaka mbali zonse ziwiri, kudikira kuti aume pang'ono, n'kukanikiza pamodzi.

Tsono pali chinthu chimene njira zitatu zonsezi sizingakuchitireni, ndipo ndicho chimasiyanitsa suti yokhala bwino ndi suti yotsamwitsa. Wetsuit siikokedwa kuchokera m'chiuno ngati buluku. Imakwezedwa pang'onopang'ono kuchokera pansi, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Valani thupi lili louma, pamthunzi, chifukwa khungu lonyowa kapena la thukuta limamata pansalu ya m'kati. Zipi ikhale kumsana. Phazi likatuluka, kwezani pakamwa pa mwendo kuti pakhale pamwamba pa kakolo, motalikirako ngati zala zitatu kapena zinayi, ngakhale zikuoneka ngati buluku lalifupi. Kenako gwirani kagawo kochepa ka neoprene ndi zala zogoneka, kapena pindani suti kuti mugwire nsalu ya m'kati imene siichekeka, n'kukweza pang'ono. Sunthani manja m'mwamba, kwezaninso, mpaka bondo la suti likhale pabondo lanu. Chitani chimodzimodzi m'ntchafu, kutsogolo ndi kumbuyo, kufikira sutiyo itagunda m'mphechepeche popanda mpata uliwonse. Apa m'pamene ambiri amafulumira. Mpata wa zala ziwiri wotsala m'mphechepeche umasanduka kusowa kwa neoprene m'mapewa, ndipo munthu akalowa m'madzi amamva ngati wina akumukoka mikono pansi pa mkoko uliwonse. Mapewa amatopa asanafike ndi theka la mtunda, iye n'kumadandaula za suti pamene cholakwika chinachitikira m'chiuno.

Mikono imatsata lamulo lomwelo. Dzanja likatuluka, kwezani pakamwa pa mkono pamwamba pa mfundo ya dzanja, kenako sunthirani neoprene kuchigongono, kuchoka apo kuphewa, mpaka m'khwapa mutadzaza. Mukamaliza mikono yonse, weramani pang'ono, gwirani makwinya amene aunjikana pamimba n'kuwakwezera kuchifuwa ndi kukhosi. Zipi musalimbane nayo nokha tsiku loyamba. Pemphani mnzanu, inu bwezani mapewa m'mbuyo kuti mafupa a kumsana ayandikane, iye akoke mbali ziwiri za suti pamodzi ndi dzanja limodzi, lina likukweza zipi, chala chili m'kati kuti kansalu kotchinga msana kasalumidwe. Aonetsetsenso kuti chomatira cha pakhosi chatsekeka bwino, mbali yake yokhakhala isakhudze khungu, chifukwa imeneyo imasupula khosi ngakhale mutapaka mafuta ochuluka bwanji.

Wina angafunse ngati sikungakhale kwanzeru kungogula suti yopanda mikono, n'kupewa theka la mavuto onsewa. Yopanda mikono imavalika msanga, imavulika msanga, mapewa amakhala omasuka, ndipo kawirikawiri imatsika mtengo. M'madamu ndi m'nyanja zofundirako, madzi akayandikira madigiri 22, ndi yabwino kwambiri, makamaka kwa amene anakula akusambira ndipo sakonda chilichonse chomanga mapewa. Koma m'madzi a ku Cape Town kapena m'nyanja za ku Britain kuchiyambi kwa nyengo ya mipikisano, mikono yapoyera imachita dzanzi, ndipo madzi amalowa mosavuta m'khwapa. Ya mikono yonse imafunditsa kwambiri ndipo imayandamitsa thupi bwinopo. Kusankha pakati pa ziwirizi kutsate kuzizira kwa madzi amene muzisambiramo, osati mantha a tsiku loyamba lovala, amene amachepa mukaivala kangapo.

Pomaliza kuvala, musaweruze saizi muli pamtunda. Suti yolondola imamveka yothina pachifuwa ndi pakhosi munthu ataima m'chipinda, koma muyenera kutha kupuma mokoka mpweya wonse ndi kukweza mikono yonse pamwamba pa mutu popanda kumva kukoka m'mphechepeche. Mukalowa m'madzi, kokani kolala pang'ono kuti madzi alowe, tulukani kuti atsike n'kutulukira kumiyendo, kenako kwezaninso ntchafu ndi m'khwapa, pakuti tsopano suti imasuntha mosavuta pakhungu lonyowa. Madzi ozizira akakhudza nkhope ndi msana, mpweya umabanika kwa kanthawi, ndipo kuthina kwa suti kumachititsa kubanikako kuoneka koopsa; n'chifukwa chake kuyesa koyamba kuchitike m'madzi osaya, pali anthu ena, masabata angapo mpikisano usanafike. Ngati mutasambira kwa mphindi khumi mukadali kulephera kupuma bwino, kapena manja akuchita dzanzi chifukwa cha kumanga kwa pamfundo, pamenepo ndiye saizi kapena kasokedwe ka kampaniyo sikakugwirizana ndi thupi lanu, ndipo kuyesa ya kampani ina kungathandize kuposa kungokwera saizi imodzi.

Pa tsiku la mpikisano, ndondomeko imene ndingalangize woyamba kumene ndi iyi: zovala za triathlon m'kati, kachipangizo kowerengera nthawi kamangidwe pakakolo suti isanavalidwe kuti kakhale m'kati mwa mwendo, kandodo ka mafuta kapakidwe pakhosi, pa akakolo ndi pamfundo za manja, manja apukutidwe ndi thaulo, kenako jumbo ilowetse mapazi. Yambani kutatsala mphindi 20 kapena 30 kuti muitanidwe, ndipo ngati kunja kukutentha valani mpaka m'chiuno mokha, mikono ndi zipi mudzamalize nthawi yolowa m'madzi itayandikira.