Buku la Levine kapena la Goins: Loyamba Kugula ndi Liti?

Munthu akayamba kusonkhanitsa mipeni yakale yopinda, amafuna kudziwa amene anaupanga mpeniwo komanso mtengo wake. Ku America, mabuku awiri ndi amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi.

La Bernard Levine, "Levine's Guide to Knives and Their Values", linatuluka koyamba mu 1985, ndipo osonkhanitsa ambiri amakonda lomwe linasindikizidwa kachinayi mu 1997. Limafotokoza mitundu ya mipeni malinga ndi kapangidwe kake, mbiri ya mafakitale a ku Sheffield (mzinda wa ku England), Solingen (mzinda wa ku Germany) ndi America, komanso mmene mungazindikirire mpeni wachinyengo. Apa ndi pamene ndimalikondera. Pali anthu amene amatenga chitsulo cha mpeni wina n'kuchilumikiza ku chogwirira cha wina, kenako n'kugulitsa ngati chinthu chosowa. Levine amakuphunzitsani kuyang'ana mpeni wonse, osangokhulupirira dzina lodindidwa. Koma mitengo yake ndi yakale, musaidalire pogula lero.

La John ndi Charlotte Goins, "Goins' Encyclopedia of Cutlery Markings" la 1998, ndi lina ndithu. Ndi mndandanda wa zidindo zolembedwa patsinde pa chitsulo, ndi zaka zimene kampani iliyonse inkagwira ntchito. Likuthandizani mukapeza dzina lachilendo.

Ine ndingayambe ndi la Levine, chifukwa chidindo chimatha kukhala chachinyengo. Mtengo weniweni muziufufuza pa mipeni yomwe yagulitsidwa kale pa eBay, msika wa pa intaneti, osati yomwe wogulitsa akungoitchulira ndalama.