Miyezi 11 ndikuyenda ndi timasipika ta Bluetooth m'helimeti

Papita miyezi 11 chiikireni kachipangizo ka Bluetooth m'helimeti yanga, ndipo ndaona kuti zimene ndinalemba nditangokagwiritsa ntchito kwa masabata awiri zinali zosakwanira. Nthawi imeneyo ndinanena kuti mawu ake amamveka bwino, kuika kwake n'kosavuta, ndipo batire lake limakhalitsa. Zonsezi zinali zoona, koma sindinatchulepo za makutu, pamene makutuwo ndi amene pambuyo pake anatsala pang'ono kundichititsa kuti ndikazule n'kukaiwala m'kabati.

Ndimakhala ku Lilongwe, koma ntchito yanga yoyendera magulu a alimi ili m'boma la Dedza. Lolemba lililonse ndimakwera njinga yamoto ya Yamaha AG 200 kutsata msewu wa M1, ulendo wa makilomita pafupifupi 85, ndipo Lachisanu ndimabwerera. Pakati pa sabata ndimakhala m'misewu ya fumbi yolowera m'midzi. Foni imalira kawirikawiri, makamaka m'nyengo yogawa mbewu, ndipo kale ndinkaima m'mbali mwa msewu, kuvula magolovesi ndi helimeti, kenako n'kupeza kuti woimbayo wadula kale. Ndinayesapo timahedifoni tolowetsa m'khutu, koma povala helimeti tinkasunthika, ndipo povula tinkakoka khutu mpaka misozi kulengeza.

Kachipangizo kameneka kali ndi zigawo zitatu: kabokosi kokhala ndi batire ndi mabatani komwe kamapanidwa kunja kwa helimeti, timasipika tiwiri tomwe timamatidwa mkati moyang'anizana ndi makutu, komanso kamaikolofoni. Kabokosika kamaikidwa kumanzere chifukwa dzanja lamanja siliyenera kusiya chogwirira cha mafuta. Mayina odziwika kwambiri pa malonda amenewa ndi Cardo ndi Sena, ndipo mitundu yawo yapamwamba imabwera ndi timasipika ta JBL kapena Harman Kardon, koma thumba langa silinafikeko. Kanga ndi ka mtengo wapakati, kamene alamu anga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg, ndipo ndalama zake zikanakwanira kugula matayala awiri a njingayi. Dzina lake silingathandize aliyense, popeza ndakaonapo kofanana ndendende katalembedwa mayina ena osiyanasiyana.

Vuto linaonekera pa ulendo woyamba wautali. Ponyamuka m'tauni zonse zinali bwino, ndipo podutsa pa Nathenje ndinali ndikudzitama mumtima kuti ndagula chinthu. Ndisanafike pa Linthipe, nsonga ya khutu lakumanzere inayamba kutentha ngati yapakidwa tsabola, ndipo pofika ku Dedza mutu wonse unali ukugunda. Nditavula helimeti, khutulo linali lofiira ndi lopindika, ndipo usiku umenewo sindinathe kugonera mbali imeneyo. Khutu la kunjali ndi fupa lofewa lokutidwa ndi khungu lopyapyala, lopanda mnofu wolitchinjiriza, choncho kupanikizika kochepa kumene munthu sakumva m'mphindi khumi zoyambirira kumasanduka ululu weniweni ikatha ola. N'chifukwa chake kuyesa kwa m'sitolo, kapena kuzungulira nako m'makwalala a pafupi ndi nyumba monga ndinachitira ine, sikuuza munthu chilichonse.

Kwa milungu ingapo ndinkaganiza kuti timasipikato n'takulu kwambiri. Pa malonda amalengeza kukula kwake m'mimba mwake, kaya ndi mamilimita 32, 40 kapena 45, ndipo ogula ambiri amathamangira nambala yaikulu poganiza za kukoma kwa nyimbo. Tanga ndi ta mamilimita 40. Chimene sichilembedwa pa bokosi kawirikawiri ndi kuchindikala kwake, ndipo chimenecho ndiye chimapweteka munthu. Nditayeza ndi rula ndinapeza kuti kasipika kalikonse n'kochindikala pafupifupi sentimita imodzi, ndipo pamwamba pa apo ndinali nditaikanso timasiponji towonjezera timene tinabwera m'bokosi, poganiza kuti chilichonse chimene chaperekedwa chiyenera kulowa.

Loweruka lina ndinakhala pakhonde n'kuchotsa masiponji a m'masaya a helimetiyo kuti ndione bwino mkati mwake. Mahelimeti ambiri a masiku ano amakhala ndi timaenje tosazama pamalo a makutu, topangidwira timasipika, ndipo yanga ilinso nato, koma timaenjeto sikuti timagwirizana ndi makutu a munthu aliyense. Ndinatenga mankhwala otsukira mano, ndinadontheza pang'ono pa kachikopa kamene kali kutsogolo kwa bowo la khutu lililonse, ndinavala helimeti mosamala, kenako ndinaivula n'kuyang'ana pamene panatsala choyera. Chizindikirocho chinali m'munsi ndiponso kutsogolo kwa timasipikato, motalikirana pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Apa ndinazindikira kuti kwa mwezi wathunthu timasipikato tinkakanikiza nsonga ya khutu m'malo moyang'ana bowo, ndipo n'chifukwa chakenso ndinkakweza mawu mpaka mapeto. Ndinatitsitsa mpaka pafupi ndi pamene lamba wa pachibwano amatulukira, ndinatembenuza kachingwe kuti kasadutse pansi pa khutu, ndipo ndinachotsa siponji yowonjezera ya kumanzere n'kusiya ya kumanja, chifukwa makutu anga sanatuluke mofanana. Mayi a kunyumba atandiona ndili ndi zoyera m'makutu anaseka mpaka kugwira khoma, koma Lolemba lotsatira ndinafika ku Dedza popanda kukumbukira kuti m'helimetimo muli kanthu.

Mnzanga wina wa kuntchito, amene helimeti yake ilibe timaenje timeneti, anafuna kusema ndi mpeni chigoba choyera cha mkati chija, chofanana ndi chimene amatchinjirizira ma TV m'makatoni. Ndinamuletsa, pakuti chigoba chimenecho ndi chimene chimaphwanyika kuti mutu usaphwanyike, ndipo helimeti yolembedwa zizindikiro za chitetezo monga ECE 22.05, ECE 22.06 kapena DOT inayesedwa chigobacho chili chathunthu. Iye anangogula timasipika topyapyala ta mamilimita 32, ndipo ngakhale nyimbo zake sizigunda kwambiri, mawu a munthu amamveka bwino lomwe. Kavalidwe nakonso kanasintha: tsopano ndimakokera malamba awiri aja kunja povala kuti makutu asapindike, ndipo kansalu kopyapyala kovala kumutu kamathandiza kuti helimeti itsetsereke bwino.

Chinthu chachiwiri chimene sindinkachiyembekezera ndi mphepo. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola mawu amamveka ngati uli m'nyumba, koma ukafika 80 kapena 90 mkokomo wa mphepo umameza zonse. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amaika malire a phokoso pa madesibelo 85 (muyezo wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8, ndipo phokoso la m'helimeti pa liwiro la makilomita 100 pa ola limapitirira madesibelo 90, kotero amene amakweza timasipika kuti tipose mphepoyo akungowonjezera phokoso pa phokoso. Ine ndinkafika makutu akulira ngati muli nyenje. Njira imene inandithandiza poyamba inkaoneka yopanda nzeru: kutseka makutu ndi timasiponji tofewa tija amavala ogwira ntchito pa makina aphokoso. Timeneti timachepetsa kwambiri mkokomo wa mphepo, ndipo mawu ochokera ku kasipika kamene kali pafupi ndi bowo la khutu amamveka bwino kuposa kale. Hutala ya galimoto ndimaimvabe. Ndimativala pa M1 pokha, osati m'tauni kapena m'midzi momwe ana ndi mbuzi zimatulukira mwadzidzidzi.

Za maikolofoni sindinena zambiri. Helimeti yanga ndi yotseka nkhope yonse, choncho ndinagwiritsa ntchito kamaikolofoni kachingwe komata kutsogolo kwa pakamwa. Kokhala pa kamtengo kopindika ndi ka mahelimeti otsegula kumaso. Ndikatseka galasi ndi kabowo ka mpweya ka pachibwano, oimba ambiri sakhulupirira kuti ndili pa njinga.

Nyengo iliyonse inabwera ndi mayeso ake. Mu June ndi July, pamene kuzizira kwa ku Dedza kumalowa mpaka m'mafupa, magolovesi ochindikala anachititsa kuti timabatani tating'ono tisamamveke ku chala, moti kangapo ndinadula foni ya abwana pofuna kukweza mawu. Ndikanakhala ndikusankhanso lero, ndikanatenga kokhala ndi gudumu lopukusa kapena mabatani otukuka kwambiri. Mu October kutentha ndi thukuta zinasungunula guluu wa zomatira za Velcro, ndipo kasipika kakumanja kanayamba kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka ululu uja unabwereranso. Ndinapukuta malowo ndi sipiriti, ndinamata zatsopano n'kuzisiya usiku wonse zisanavalidwe, ndipo kuyambira pamenepo sizinasunthenso. Ndinaphunziranso kuchapa tinsalu tokutira timasipikato, chifukwa fumbi likasakanikirana ndi thukuta limauma n'kumakanda khutu ngati mchenga.

Mvula ndiyo ndinkaiopa kwambiri. Pa bokosi panalembedwa IP67, kutanthauza kuti fumbi silingalowe ndipo kangathe kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Kabokosi keniko kanapiriradi mvula yonse ya January ndi February, kuphatikizapo tsiku limene ndinanyowa kuchokera ku Kamphata mpaka kunyumba. Pofooka pake ndi polumikizira chingwe cha timasipika, pomwe chinyontho chikalowa mawu amayamba kuthetheka mbali imodzi, komanso kachivindikiro ka labala kotseka potchajira, komwe tsopano kalephera kugwira ndipo ndimakathandiza ndi tepi. Ndikafika nditanyowa ndimazula chingwecho n'kusiya helimeti chagada pamalo odutsa mphepo, kutali ndi mbaula.

Batire lasintha monga mabatire onse a mtundu umenewu amachitira. Lili latsopano linkandifikitsa Lachinayi ndisanatchaje, pomwe tsopano limapempha moto Lachitatu m'mawa. Mwina ndinalifooketsa ndekha, chifukwa miyezi yoyambirira ndinkasiya helimeti pa galasi la njinga padzuwa pamene ndili pa msonkhano ndi alimi, ndipo kutentha kumawononga mabatire otere. Chabwino n'chakuti potchajira pake ndi pa USB-C, ngati foni yanga, motero magetsi akathima pawabanki imodzi imakwanira zonse ziwiri. Ndinaonanso kuti foni ikakhala m'thumba la kumbuyo la thalauza, mbali ya kumanja, mawu amadukaduka, popeza mafunde a Bluetooth sadutsa bwino m'thupi la munthu; m'thumba la pachifuwa la jekete vutoli kulibe.

Zina zimene ndinalipira sindinazigwiritsepo ntchito. Kachipangizoka kangathe kulankhulitsa okwera njinga angapo popanda foni, koma pamafunika kuti enawo akhalenso ndi kawo, ndipo anzanga ambiri alibe. Wailesi ya FM, imene ndinkaiona ngati chokongoletsera chabe, ndiyo yakhala mnzanga weniweni, makamaka Lachisanu madzulo pomvera nkhani pa Zodiak kapena MBC, ngakhale kuti pakati pa mapiri mawu amathawa nthawi zina.

Pa nkhani ya chitetezo ndinadziikira malamulo anga. Foni ndimayankha mwachidule, ndipo ikakhala nkhani ya ndalama kapena yokangana ndimaima, chifukwa ndinazindikira kuti maganizo akapita ku mawu, maso amangoyang'ana msewu osauona. Ndikalowa m'tauni, pakati pa maminibasi ndi akabaza, ndimazimitsa zonse. Ndikaona masamba atayalidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro, ndimachepetsa liwiro ndi kuzimitsanso nyimbo, ngakhale kuti palibe amene angaimve koma ine ndekha.

Helimeti yanga yakalamba ndipo masiponji ake aphwa, choncho mwezi wamawa ndikukagula ina. Kachipangizoka ndikasamutsira m'yatsopanoyo, sindikuona chifukwa chogulira kena. Popita kusitolo ndidzatenga timasipika tiwirito m'thumba, ndidzapempha wogulitsa kuti andilole kutiika m'timaenje ta helimeti iliyonse imene ndikuyesa, ndipo imene ilibe malo okwanira ndidzaibwezera pa shelefu ngakhale itakongola chotani.