Social work kapena humanities: mwana wa ku Mangochi alowere kuti akatha Fomu 4?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, m'makomo ambiri kuyambira ku Namwera mpaka ku Monkey Bay mumabuka nkhani imodzi. Mwana wakhoza bwino Chingerezi, Chichewa ndi mbiri yakale, koma masamu ndi sayansi sizinamuyendere. Makirediti asanu ndi limodzi ali nawo, la Chingerezi lilipo, ndiye khomo la yunivesite ndi lotseguka. Ana otere ambiri amaima pa mphambano ya njira ziwiri: maphunziro osamalira anthu, amene timangowatchula kuti social work, ndi maphunziro a zilankhulo, zolembalemba, chipembedzo ndi nzeru zakuya, amene ku Chanco (Chancellor College ya ku Zomba) amati humanities. Anthu amaziyesa zofanana poti zonse ndi zowerenga kwambiri, koma moyo umene zimakupatsa ukamaliza ndi wosiyana kutali.

Social work ili ndi mwayi umodzi woonekeratu kwa ife: sufunika kupita kutali. Yunivesite ya DMI St John the Baptist ili konkuno ku Mangochi ndipo imaphunzitsa maphunzirowa, choncho mwana amene ali ndi achibale pa boma amapulumutsa ndalama ya nyumba ndi thiransipoti. Kulinso Catholic University ku Nguludi, imene inatsegulidwa mu 2006, ndi koleji ya boma ya Magomero ku Chiradzulu, kumene kwachokera alangizi ambiri a chitukuko cha m'midzi. Ku Magomero ndi kwa satifiketi ndi dipuloma, ndiye nthawi ndi yochepa poyerekeza ndi zaka zinayi za digiri.

Chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti maphunzirowa sathera m'kalasi. Pali nthawi imene wophunzira amatumizidwa ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, kuchipatala kapena ku bungwe, n'kumakagwira ntchito yeniyeni moyang'aniridwa. Kumeneko ndiye amakumana ndi mtsikana wa zaka 15 amene akufuna kumukwatitsa, mayi amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kuleka kutumiza thandizo, mnyamata amene wasiya sukulu chifukwa kunyanja kuli usipa. Ayenera kudziwa lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, lamulo la maukwati la 2015, komanso kuti mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Koma kudziwa lamulo n'kwina, kukhala pansi ndi amfumu ndi eni mbumba mpaka amvetse n'kwinanso. Apa mwana wolankhula Chiyao amaposa mnzake wochokera kwina, ngakhale mnzakeyo atakhala wanzeru bwanji m'kalasi. Gogo wa ku Makanjira kapena ku Katuli sangatsanulire mavuto a m'nyumba mwake munthu amene akufunika womasulira.

Vuto lake ndisabise. Ntchito zambiri za mbali iyi zili m'mabungwe omwe si aboma, ndipo zimayenda ndi pulojekiti. Thandizo la kunja likatha, kontirakiti yathanso. Komanso ndi ntchito yolemetsa mtima, chifukwa tsiku lililonse umamva zowawa za anthu. Mwana amene akuisankha pongoona magalimoto a mabungwe akudutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi adzatopa msanga.

Humanities njira yake ndi ina. Kwenikweni kwawo ndi ku University of Malawi ku Zomba, dzina limene linatsalira Chanco pamene makoleji anapatukana mu 2021. Kuloŵa kumeneko n'kudzera m'masankho a NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, ndipo mpikisano ndi waukulu. Amene wasankhidwa amapeza fizi yotsikirapo kusiyana ndi ya mayunivesite omwe si aboma, ndipo angathe kupempha ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira ndalama.

Ine maphunziro amenewa ndimawakonda, ndipo zimandiŵaŵa ndikamva anthu akuti ndi a anthu olephera. Boma lathu lino la Mangochi ladzaza ndi zinthu zofunika wozilemba: mbiri ya mafumu monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi, malonda a akapolo amene ankadutsa kuno, mmene Chisilamu chinafikira, chiyambi cha tauni imene kale inkatchedwa Fort Johnston. Nanga Chiyao chenichenicho, mabuku ake owerenga ana ndi angati? Ku Zomba kuli Centre for Language Studies imene imagwira ntchito pa zilankhulo za m'dziko muno, ndipo ntchito yotere imafuna ana obadwira m'chilankhulocho. Munthu wa humanities amatuluka akudziwa kuwerenga mozama, kulemba momveka ndi kutsutsa mfundo ndi mfundo inzake. Zimenezi zimathandiza pa wailesi, pa nyuzipepala, pomasulira, ngakhale m'mabungwe omwe aja.

Komabe digiri ya humanities payokha siloza ntchito imodzi. Womaliza social work amadziwa khomo loti agogode. Wa humanities ayenera kudzipangira njira, ndipo kwa mwana amene banja lonse likumudikira, zaka zoyendayenda ndi makalata zimapweteka. N'chifukwa chake wokonda zilankhulo ndi mbiri ndimamulangiza kuti aziphatikize ndi uphunzitsi: digiri ya zamaphunziro ku Zomba komweko kapena ku Mzuzu, mwinanso ku Domasi College of Education. Sukulu za sekondale za kumidzi kuno zimasowa aphunzitsi, ndipo ntchito ya boma ikapezeka imakhala ndi penshoni.

Ndiye ndikafunsidwa, ndimayankha chonchi. Mwana amene anzake amamuthamangira akakhala ndi vuto, wosanyansidwa kuyenda pa njinga m'fumbi mpaka kwa Nankumba, apite ku social work, ndipo ngati ndalama yavuta ayambe ndi dipuloma, digiri adzaonjezera akugwira ntchito. Mwana amene amaiŵala kudya akagwira buku atenge humanities, koma ya uphunzitsi. Ndipo inu makolo, musanagulitse mbuzi kapena ukonde kuti mulipire fizi kulikonse, funsani kaye ngati sukuluyo ndi pulogalamu yeniyeniyo zili pa mndandanda wa zovomerezedwa ndi NCHE, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pomwe maphunziro amene mwana wanu akufuna sanavomerezedwe.