Minoxidil wamadzi, wathovu kapena mapilisi: wa dazi ku Mzuzu kuno agule chiti?

Abale anga amene tsitsi layamba kuthawa pa liwombo kapena m'mbali mwa chipumi, ndikudziwa mwaona kale timabotolo tomwe anthu akutsatsa pa Facebook ndi pa masitetasi a WhatsApp, wina akuti Kirkland, wina Regaine, wina mafuta a rosemary, wina mpaka kachogudubuza ka tisingano. Pa babashopu nkhaniyi ikabuka aliyense amafunsa kuti champhamvu nchiti. Ine ndimaona kuti funso limenelo lizibwera pambuyo, loyamba likhale loti pa zonsezi nchiti chimene thumba lanu lingakwanitse mwezi ndi mwezi osadukiza, chaka chino, chaka chamawa, mpaka chinacho. Mankhwala a dazi sachiza ayi, amangoligwira kuti lisapitirire pa nthawi yokhayo imene mukuwagwiritsa ntchito. Zili ngati nyumba ya lendi, mwezi umene mwasiya kulipira mwayamba ulendo wotuluka, ndipo zaka zonse munalipira zija palibe amene amakuwerengerani. Mukasiya kupaka, pakatha miyezi itatu kapena inayi tsitsi lomwe linabwera lija limayoyoka, mumabwerera pomwe mukanakhala mukanapanda kuyamba nkomwe.

Dazi la amuna ambirife ndi lakumtundu. M'thupi muli homoni ina amati DHT, imachokera ku testosterone, nde kwa amene tinatengera magazi amenewa mizu ya tsitsi la pamwamba ndi la kutsogolo imagonja kwa DHT ameneyu, imafota pang'onopang'ono, tsitsi nkumatuluka lopyapyala, lalifupi, kenako osatulukanso. La m'mbali ndi la kunkhongo siligonja, nchifukwa chake madala a dazi lalikulu kumeneko amakhala nalobe. Si chipewa, si helemeti ya kabaza, komanso si kumeta pafupipafupi, musamadziimbe mlandu pa zimenezo.

Minoxidil poyamba sanali wa tsitsi. Anali mapilisi a BP opangidwa ndi kampani ya Upjohn ku America, anavomerezedwa mu 1979, kenako madokotala nkuona kuti odwala akumera ubweya paliponse. Mu 1988 ndi pomwe anavomereza wopaka wa 2% pa dzina loti Rogaine, lomwe ku South Africa ndi ku UK amati Regaine. Wa 5% unabwera mu 1997, wathovu mu 2006. Chofunika kwa ife osaka zotchipa ndi choti kuyambira 1996 makampani ena analoledwa kupanga wawo, nde Kirkland wa sitolo ya ku America ya Costco uja, kaya ena ochokera ku India, mankhwala ake ndi omwewo a mu Regaine, bola akhale enieni. Kulipira ndalama zambiri chifukwa cha dzina lokha ine sindimaonapo nzeru. Pakati pa 2% ndi 5% palibenso zokambirana kwa mwamuna, kafukufuku wa masabata 48 pa amuna 393 anapeza kuti wa 5% unameretsa tsitsi lochulukirapo ndi 45% kuposa wa 2%. Mukapeza wa 2% wotchipa dziwani kuti mwagula wofooka.

Nkhani yeniyeni ili pa wamadzi ndi wathovu.

Wamadzi umabwera m'kabotolo ka 60 ml ndi kachubu kodonthezera, mulingo wake ndi 1 ml m'mawa, 1 ml madzulo, kabotolo kamodzi mwezi umodzi ndendende. Ubwino wake waukulu ndi mtengo, pafupifupi kulikonse umakhala wotsika kuposa wathovu, komanso mulingo sumalakwika chifukwa kachubu kali ndi mzere, simungawononge pokhapokha mwachita dala. Ndipo kwa amene amasunga tsitsi lambiri, kaya afulo kaya madredi, kachubu kamalowa mpaka pa khungu, paja mankhwalawa ntchito yake ili pa khungu osati pa tsitsi. Vuto lake lili pawiri. Muli propylene glycol ndi mowa, nde anthu ena mutu umayabwa koopsa, kufiira, kutuluka mfundu yoyera mbee moti pa malaya akuda imachita kuoneka. Chachiwiri umachedwa kuuma, umafuna maola awiri kapena anayi musanagone, ndipo ndi kuzizira kwa kuno mu Juni ndi Julaye, chifunga chili tolo, mutu umakhala wonyowa nthawi yaitali ndithu. Mukapaka 9 koloko nkugona pompo, mankhwala ambiri amathera pa pilo, pilo nkuwapaka kumaso kwanu kapena kwa akazi anu, ndipo ubweya utha kumera pamene simukuufuna. Pulani yake ndi kupaka mukangofika kunyumba, musanadye nsima, pofika nthawi yogona pauma.

Wathovu ulibe propylene glycol, nchifukwa chake ambiri amene wamadzi unawayabwa akasinthira kuno amapeza mtendere. Umauma msanga, sumata, sutsetserekera kumaso, mutha kupaka nkunyamuka kupita kuntchito osaoneka ngati mwadzola mafuta ophikira. Kachitini ka 60 g nako ndi ka mwezi, mulingo wake theka la chivindikiro kawiri pa tsiku. Koma mulingo wa diso umanamiza, ambiri amafinya mopyola kachitini nkutha mwezi usanathe, apa nde kuti wodula kale uja wadulanso kawiri. Thovuli limasungunuka likangomva kutentha, olo kwa zala zanu zomwezi, nde musambe kaye m'manja ndi madzi ozizira nkupukuta musanafinye. Pamenepa nyengo ya Mzuzu imatikomera, mnzathu wa ku Karonga kapena ku Nkhata Bay mu Okutobala amalimbana nalo kwambiri kuposa ife. Kwa amene amameta lalifupi monga ambirife, thovu limafika pa khungu bwinobwino, koma pa tsitsi lambiri limangokakamira m'mwamba, ndalama nkumathera pa tsitsi lomwe silikufuna mankhwala.

Pa kameredwe ka tsitsi awiriwa sasiyana kwenikweni, onse ndi 5%. Ndiye ine maganizo anga ndi oti yambani ndi wamadzi wa kampani yotchipa yodalirika, mupite ku thovu pokhapokha khungu lakana. Kuyamba ndi thovu chifukwa likuoneka lapamwamba kenako mwezi wachitatu ndalama yavuta nkusiya, kumeneko nde kutaya ndalama kwenikweni.

Masamu ake musawaope. Tengani mtengo wa kabotolo kamodzi muchulukitse ndi 12, imeneyo ndi ndalama ya chaka, muiyike pambali pa lendi, fizi ya ana, magetsi ndi thumba la chimanga, muone ngati ikukhala. Kenako muonjezepo kena, chifukwa zonsezi ndi zochokera kunja, kaya zadutsa pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam kaya zabwera ndi basi ya ku Joni, mtengo wake umatsata dola. Tonse tikukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44%, katundu wakunja anakwera tisanagone nkomwe, ndipo forex ikasowa katundu wotereyu amayamba ndiye kusowa. Nchifukwa chake bokosi la mabotolo sikisi, la miyezi isanu ndi umodzi, limaposa kugula kamodzikamodzi, mtengo wa kabotolo umatsika komanso simukhala ndi mpata wodikira wogulitsa kuti katundu wafika liti. Ngati bokosi lonse lakukulirani gawanani ndi mnzanu atatuatatu, koma mugwirizane kuti lotsatira muoda kabotolo komaliza kasanatsegulidwe. Ena amapaka kamodzi pa tsiku kuti kabotolo kafike miyezi iwiri. Pa bokosi analemba kawiri ndipo ndi mmene anayesera, komabe ine ndimati kamodzi tsiku lililonse osaphonya kuli bwino kusiyana ndi kawiri kwa miyezi iwiri kenako mwezi wathunthu zii.

Chenjerani ndi feki, makamaka Kirkland, amene amamukopera kwambiri chifukwa ndi amene anthu amamufuna. Onani ngati kabotolo kali komata, ngati nambala ya loti ndi deti yothera mphamvu zalembedwa zooneka bwino, ndipo ngati mukugula bokosi lonse zifanane ndi za pa bokosilo. Wogulitsa amene akukuthirirani m'kabotolo kena kopanda lebo musiyeni olo atchipe bwanji. Ku famase yovomerezeka ndi PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, mwina mulipira zochulukirapo koma muli ndi pofunsa zikavuta, wa pa WhatsApp mukangotumiza Airtel Money kapena Mpamba nambala itha kuzima basi.

Tsopano mapilisi. Finasteride wa 1 mg, amene kampani ya Merck inatulutsa mu 1997 pa dzina la Propecia, amagwira gwero lenileni chifukwa amatsitsa DHT uja, pamene minoxidil amangolimbikitsa muzu kuti utulutse tsitsi DHT ali pomwepo akupitiriza zake. Poletsa dazi kupitirira, makamaka kutsogolo komwe minoxidil amavutikako, mapilisiwa amaposa opaka, ndipo amene amaphatikiza zonse ziwiri ndi amene amaona zabwino kwambiri. Kumwa kapilisi kamodzi pa tsiku nkosavutanso kusiyana ndi kupaka kawiri. Koma awa si ogula ngati panado. Amuna ena ochepa chilakolako chimatsika kapena mphamvu kuchipinda imavuta, ena amadandaula kukhumudwa, mayi woyembekezera asagwire pilisi losweka chifukwa litha kuvulaza mwana wamwamuna m'mimba, komanso amatsitsa ndi theka nambala ya PSA imene madokotala amayezera prostate, nde achikulire muziwauza adokotala kuti mukumwa. Ena amadula pilisi la 5 mg la prostate panayi kuti zitchipe, zimenezo kambiranani ndi dokotala kaye. Minoxidil wakumwa nayenso wayamba kutchuka, koma kumbukirani kuti ndi mankhwala a BP, amakhudza mtima, osangoyamba nokha chifukwa mwaona pa TikTok.

Zotsalazi sinditayapo nthawi yambiri. Mafuta a rosemary amatchuka chifukwa cha kafukufuku mmodzi wa ku Iran mu 2015 pa anthu 100, ndipo anawayerekeza ndi minoxidil wa 2%, wofooka uja. Mafuta a nsatsi amafewetsa ndi kuwalitsa tsitsi lomwe lilipo, koma palibe umboni woti amadzutsa muzu wofota. Kachogudubuza ka tisingano kanaonetsa zabwino ku India mu 2013 pophatikiza ndi minoxidil, koma khungu lathu lakudali limachita zipsera zotupa msanga, amene muli kale ndi tizilonda ta kunkhongo tobwera ndi kumeta musakayandikire, ndipo osabwerekana. Shampu ya ketoconazole ndi yothandiza pa mfundu imene wamadzi amabweretsa, koma payokha siingaimitse dazi.

Musanagule chilichonse onetsetsani kuti lanulo ndi dazi lakumtundu. Ngati tsitsi lachoka mozungulira ngati kobiri, pakuyabwa, pali mamba kapena mafinya, mwina ndi chipere kapena matenda ena a khungu, pitani kaye kuchipatala, kaya ku Mzuzu Central, akakuoneni. Ngati pamutu pakhala poterera pong'anima kwa zaka zambiri, mizu inapita, minoxidil amathandiza pamene pakadali timatsitsi topyapyala, makamaka pa liwombo ndi kwa amene dazi langoyamba kumene. Kwa amene mizu inapita kale kumeta mpala ndi chisankho chabwinobwino, chotchipa kuposa zonse ndatchulazi. Aliponso ena amene khungu lawo lili ndi enzyme yochepa yosinthira minoxidil kuti agwire ntchito, amapaka mokhulupirika osaona kanthu.

Mukayamba, masabata oyamba tsitsi litha kuyoyoka kuposa kale, musachite mantha nkusiya, ndi lakale likupereka malo kwa latsopano ndipo zimatha pasanathe miyezi iwiri. Osapaka pa bala kapena tsiku limene lezala yakuchekani, sambani m'manja mukamaliza, ikani patali ndi moto chifukwa amayaka, patali ndi ana, komanso ngati muli ndi mphaka pakhomo samalani kwambiri, kadontho kochepa katha kumupha. Mtima ukayamba kuthamanga, chizungulire, kapena mapazi kutupa, siyani tsiku lomwelo mukaonane ndi dokotala. Tsiku loyamba uzani wina akujambuleni pa liwombo ndi foni, panja powala, mutameta saizi yanu ya masiku onse, kenako muzijambula chimodzimodzi mwezi uliwonse. Pasanakwane miyezi inayi musaweruze. Pa miyezi isanu ndi umodzi ikani zithunzizo pamodzi, ngati padzaza kapena dazi laima pomwe linali, odani bokosi lina, ngati likupitirirabe pitani nazo zithunzizo kwa dokotala mukambirane za finasteride.