Ndemanga: Fyuluta ya polarizer ya 58mm, nditaiyesa pa Phiri la Mulanje m'nyengo zonse za chaka

Fyuluta imeneyi, yomwe ndi kagalasi komangidwa kutsogolo kwa lenzi ya kamera, ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo imodzi yotsalayo ndaimana chifukwa cha mawu amene ogulitsa analemba poitsatsa, onena kuti imachotsa utsi ndi chifunga pa zithunzi za mapiri. Ine si katswiri ndipo sindidyera kujambula. Ndimangokonda kujambula Phiri la Mulanje ndikapeza mpata, pogwiritsa ntchito kamera ya DSLR (yotha kusintha malenzi) yogula kwa munthu wina ndi lenzi wamba ya 18-55mm imene inabwera nayo. Chimene ndaona n'chakuti phindu la kagalasi aka limadalira kwambiri mwezi umene munthu wapita kuphiri, moti pali miyezi imene sindikachotsa pa kamera, komanso pali ina imene kamangokhala m'chikwama.

Kagalasiko n'koderako ndipo kali m'mphete ziwiri. Ina imamangidwa kutsogolo kwa lenzi, ina imazungulira momasuka, ndipo mukamaizunguza mukuyang'ana m'kamera mumaona kunyezimira kwa madzi ndi masamba kukuzimirira, thambo nalo likuderadera. Imagwira ntchito kwambiri dzuwa likakhala cha kumbali kwanu, ku phewa lamanja kapena lamanzere. Likakhala kutsogolo kapena kumbuyo kwenikweni, thambo silisintha ngakhale muzunguze bwanji. Imadyanso kuwala, kotero kuti kamera imafuna nthawi yowirikiza kawiri mpaka kanayi kuti chithunzi chiwale bwino. Musanagule, yang'anani nambala yolembedwa pakamwa pa lenzi yanu ngati ili 58mm, chifukwa malenzi a 18-55mm sali ofanana onse kukula kwake.

Nyengo imene ndalama yanga inabwerera ndi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Aliyense amene anayesapo kujambula minda ya tiyi ya kummwera kwa phirili mvula itangokata akudziwa zimene zimachitika: maso amaona kubiriwira kochititsa kaso, koma pachithunzi mundawo umatuluka wotumbuluka, chifukwa tsamba la tiyi ndi losalala ndipo likanyowa limabweza kuwala kwa thambo ngati denga la malata atsopano. Mukazunguza mpheteyo pang'onopang'ono, kutumbulukako kumachoka ndipo kumaonekera kusiyana kwa nsonga zanthete zimene amathyola ndi masamba okhwima a pansi pake, mizere ya timisewu ta m'munda nayo n'kuyamba kuoneka. Chimodzimodzinso matanthwe a phirili, amene nyengo imeneyi amakhala ndi timitsinje tambirimbiri totsetsereka kuchokera pamwamba. Popanda fyuluta thanthwe lonyowa limangong'anima lonse ndipo madzi sasiyana ndi mwala, koma ndi fyuluta mwalawo umada bii, madzi n'kuoneka oyera pamwamba pake. Ngakhale zipsera zimene zigumukire za namondwe wa Freddy zinasiya m'mbali mwa phiri mu Malichi 2023 zimaoneka bwino lomwe pakati pa msipu. Mfundo imene inandikhutiritsa kwambiri ndi yakuti zimenezi sizingakonzedwe pa kompyuta pambuyo pake. Thambo mukhoza kulidetsa ndi pulogalamu, koma pamene tsamba lang'anima palibe mtundu umene kamera yasunga woti muubwezeretse.

Chenjezo limodzi la nyengoyi ndi la utawaleza, umene umaoneka kawirikawiri madzulo mvula ikamapita. Fyulutayi ikhoza kuuwalitsa kwambiri, komanso ikhoza kuufafaniziratu mukaizunguza mbali ina, choncho musadabwe mukaona kuti maso akuuona koma m'kamera mulibe.

Epulo ndi Meyi ndiyo miyezi imene ndimaiona kuti ndi yokoma koposa, mvula italeka, mpweya uli woyera, udzu usanafote ndiponso mitsinje ikadali ndi madzi ochuluka. Kwa amene akujambula ali cha ku Mulanje boma, phiri limakhala chakumpoto, ndiye kuti mmawa ndi madzulo dzuwa limakhala kumbali, pomwe fyulutayi imalifuna. Pa Dziwe la Nkhalamba, mumtsinje wa Likhubula, inandionetsa miyala ya pansi pa madzi imene kale inkabisika ndi chithunzithunzi cha thambo, ndipo kudya kuwala kuja kunasanduka mwayi, chifukwa kunalola kuti kamera itsegule nthawi yotalikirapo n'kuonetsa madzi a mathithi akuyenda mosalala. Pamenepo pamafunika tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) kapena mwala wokhazikika woikapo kamera, apo ayi chithunzi chonse chimagwedera.

Mukakwera pamwamba, cha ku Chambe kapena ku Lichenya, pafupifupi mamita 2,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamafunika dzanja lodziletsa. Thambo la kumeneko ndi lakuda kale poyerekeza ndi la kuchigwa, ndipo mukazunguza mpheteyo mpaka pamapeto limafika pooneka ngati kukuda masana, zomwe aliyense wodziwa phirili angaone kuti si zoona. Vuto lina limabwera mukaika lenzi pa 18mm kuti mutenge dera lonse mpaka nsonga ya Sapitwa, yomwe ndi yotalika mamita 3,002: mbali imodzi ya thambo imada, ina n'kukhala yowala, pakati n'kutsala chibanga chooneka moipa. Limeneli si vuto la fyuluta iyi yokha koma la mafyuluta onse a mtundu umenewu, chifukwa lenzi yotambalala imatenga thambo lalikulu moti mbali zake zimatalikirana mosiyana ndi dzuwa. Ine ndimaizunguza theka lokha, kapena kukokera lenzi cha pa 28mm kupita mtsogolo.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikabwera kuchokera cha ku Mozambique, phiri limatha kukutidwa ndi nkhungu masiku angapo otsatizana. Mkati mwa nkhunguyo fyuluta ilibe chochita ndi thambo, imangokudyerani kuwala kochepa kumene kulipo, ndipo ndi bwino kuichotsa. Imathandizabe m'nkhalango za m'zigwembe, momwe masamba, ndere ndi makungwa a mitengo ya mkungudza yochepa imene yatsala zimakhala zonyowa. Nyengo imeneyi ndi imenenso inaonetsa kuchepa mphamvu kwa kapangidwe kake. Timadontho ta mvula yowaza timakakamira pagalasi ndipo mukapukuta timasiya mizere, pomwe ndamva kwa anzanga kuti mafyuluta odula amapakidwa mankhwala oti madzi azingotsetsereka. Mphete yomangira ndi yopyapyala kwambiri, moti ndi zala zouma ndi chisanu cha mmawa wa kuphiri n'kovuta kuigwira osazunguza inzakeyo.

Tsopano za utsi, zimene zinandikhumudwitsa. Kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba, moto wa tchire ndi fumbi zimadzaza mlengalenga, ndipo pali masiku amene munthu woyenda pa msewu wa Midima kuchokera ku Limbe amafika pafupi ndithu asanalione phiri lalikulu chonchija. Imeneyi ndiyo nthawi imene wogula aliyense angayembekezere kuti lonjezo la ogulitsa likwaniritsidwe, koma silikwaniritsidwa. Fyuluta imasefa kuwala kwa mtundu umodzi wokha, kumene kumachokera pa zinthu zosalala ndi ku thambo loyera, pomwe utsi wochindikala ndi fumbi zimamwaza kuwala mosasankha mbali, kotero palibe choti galasilo litchinge. Ndinazunguza mpheteyo uku ndi uku ndili ku Likhubula, nditayang'ana thanthwe lalikulu la kumadzulo kwa Chambe, ndipo kusinthako kunali kochepa moti sindikanatha kulozera munthu. Kachifunga kopepuka ka m'mwezi wa Meyi imakachepetsa ndithu, ndipo mwina ndi komwe ogulitsa ankanena, koma utsi wa Okutobala ndi nkhani ina. M'chilimwe ndimasiya zojambula zakutali n'kumajambula zapafupi, monga masamba ofiira a mitengo ya mombo akamaphuka kapena msipu watsopano wotuluka pa lupsa, ndipo ndimadikira chizimalupsa, chifukwa mmawa wotsatira mvula imeneyo mpweya umayera ndipo fyuluta imayambanso kugwira ntchito.

Pa za kulimba kwake, galasilo silinakandike ngakhale lakhala likuyenda m'chikwama chokwera nacho phiri, ndipo sindinaone kuti likuchepetsa kuthwa kwa zithunzi pa lenzi yangayi. Limapatsa zithunzi kamtundu kopita ku buluu pang'ono, kamene kamakonzeka mosavuta. Mukaloza kamera cha kudzuwa limatulutsa timadontho ta kuwala tambiri kuposa lenzi yopanda kanthu. Fumbi la m'chilimwe likalowa m'mazinga ake mphete imakanirira pa lenzi, ndipo chimene chimandithandiza ndi kuikulunga ndi kalabala n'kuipotokola mofatsa, osaifinya, chifukwa kufinya kumaipinda n'kuilimbitsa koposa. Chivundikiro cha lenzi nacho sichigwira bwino pa mphete yopyapyalayi ndipo chimagwa chokha m'chikwama. Kabokosi ka pulasitiki komwe inabweramo n'kolimba ndipo kamatseka bwino.

Amene muli kale ndi fyuluta ya UV yotetezera lenzi muziyamba mwaichotsa musanamange iyi, chifukwa zikasanjikizana ngodya za chithunzi zimada pa 18mm. Ndipo ngati muli ndi malenzi awiri osiyana kukula pakamwa, musagule mafyuluta awiri: gulani imodzi yokwana lenzi yaikuluyo pamodzi ndi kamphete kolumikizira kotchedwa step-up ring, kamene ndi kotsika mtengo kwambiri kuposa fyuluta yachiwiri.